Maloto ndi Mtanda m'Makanema a Luis Buñuel

M'chaka cha 1929, mumzinda wa Paris, anyamata awiri a ku Spain, Luis Buñuel ndi mmisiri wa zojambulajambula Salvador Dalí, anaonetsa kanema wamfupi wotchedwa Un Chien Andalou, m'mene lumo licheka diso la mkazi, ndiponso mwamuna akoka mapiyano awiri osenza abulu akufa, amuna awiri ovala zaunsembe akukhwekhwerezeka pa zingwe zomwezo. Anyamatawa anali kutsata chiphunzitso cha surrealism, chimene André Breton anachilengeza mu 1924, chonena kuti zobisika za mumtima wa munthu zimaululika m'maloto, pamene nzeru zagona tulo ndipo manyazi aleka kulonda pakhomo. Chifukwa chake woonera asafulumire kufunsa tanthauzo la chithunzi chilichonse, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Buñuel anabadwa mu 1900 ku Calanda, mudzi umene anthu ake amaomba ng'oma usana ndi usiku kuyambira Lachisanu Loyera pokumbukira imfa ya Ambuye, ndipo anaphunzira kwa ansembe a Chijezuiti ku Zaragoza. Ndiye ngakhale atakula anadzitcha wosakhulupirira Mulungu, ng'oma zija, mitanda ndi mafunso a katekisimu sizinamchoke kufikira imfa yake mu 1983. Kanema wake L'Âge d'or wa 1930, woonetsa maepiskopi atasanduka mafupa okhaokha pamatanthwe, anautsa chipolowe ku Paris naletsedwa zaka zambiri. Kanema wake wina, Viridiana, amene analandira mphotho yaikulu ku Cannes mu 1961, anatsutsidwa ndi nyuzipepala ya ku Vatican naletsedwa ku Spain mpaka 1977, chifukwa opemphapempha amene namwali wophunzira usisitere anawasonkhanitsa mwachifundo aledzera m'nyumba, nakhala pagome monga atumwi pa chithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci.

Komatu amene aona mwano wokha m'zimenezi waona khungwa, mtengo sanaufike. Mu kanema wa Nazarín wa 1959, wopangidwa ku Mexico, wansembe wosauka ayesa kutsata mapazi a Khristu m'zonse, koma ubwino wake ubala mikangano ndi misozi kulikonse apita, kufikira atamangidwa, ndipo wakuba wina wa m'ndende amuuza kuti onse awiri, woyera ndi woipa, alibe phindu kwa munthu. Pomalizira, akumuyendetsa panjira ali wandende, mayi wogulitsa zipatso ampatsa chinanazi; wansembeyo ayamba wakana, kenaka alandira, ng'oma za ku Calanda zikugunda, pakuti amene anazolowera kupatsa ali pamwamba waphunzira tsopano kulandira ali pansi. Momwemonso mu Simón del desierto wa 1965, woyera wokhala pamwamba pa nsanamira apempherera munthu wodulidwa manja, manjawo nabwerera, koma ntchito yawo yoyamba ndi kumenya mwana.

Chimene Buñuel analimbana nacho ndicho chiyero chodzikuza, chija akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wokhulupirira angathe kukhumudwa ndi zithunzi zina, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma akapirira kufikira mapeto, adzatuluka ndi funso limene aneneri akale anafunsanso Israeli, lakuti kodi zachifundo zathu zimatumikira wosauka, kapena zimangodyetsa ulemu wathu.