Buku limodzi la masitolo awiri

Funso lafika kuchokera kwa wogulitsa mbewu ndi feteleza amene ali ndi sitolo ku Katete, ina ku Sinda: angadziwe bwanji matumba amene atsala osakwera basi tsiku lililonse pa msewu wa Great East?

Ambiri amaganiza kuti pafunika kompyuta yodula. Ayi. Pulogalamu ngati Google Sheets imagwira ntchito pa foni, ndipo zolembedwazo zimasungidwa pa intaneti. Zili ngati buku lija la pa kauntala, kungoti ili limatseguka m'masitolo onse awiri nthawi imodzi. Mnyamata wa m'sitolo ya ku Sinda akagulitsa matumba a Urea n'kulemba, abwana ali ku Katete amaona nthawi yomweyo. Mwini bizinesi ndiye amasankha woti azilemba ndi woti azingowerenga, ndipo pulogalamuyo imasunga mbiri ya amene anasintha nambala. Wamanja ataliatali sakondwera nazo zimenezi.

Kutsatsa malonda kuli ndi chida chake. WhatsApp Business inayamba mu 2018, ndipo mu 2019 anaikamo malo oonetsera katundu, zithunzi ndi mitengo. Mlimi wa ku Vubwi amaona mtengo, n'kulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo asanauyambe ulendo.

Vuto ndi netiweki. Komwe imadukaduka, foni itha kusunga zolembedwa n'kuzitumiza ikabwerera, koma panthawiyo nambala zomwe abwana akuona n'zakale. Choncho musanalonjeze kasitomala thumba lomaliza, yambani mwaimba foni kusitolo.