Nsima ndi mpira wa pa TV mu Chipata: kumene thumba la cimanga limathera

MAKOLO ambiri a ku Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Vubwi amene ali ndi ana pa makoleji a mu Chipata adziwa bwino tsiku lolipira fizi, koma ndi ocepa cabe amene adziwa kumene mwana wao amadyera nsima madzulo. Komatu zina mwa ndalama zimene timatumiza pa foni titagulitsa cimanga, soya kapena mpendadzuwa zimathera pa thebulo la m'kalesitilanti, pansi pa TV yopacikidwa pa khoma imene ionetsa mpira wa ku Ulaya. Popeza thukuta lathu limadutsa pa thebulo limenelo, ndi bwino kuti tidziwe m'mene malo amenewa amayendera, cimene mwana amapindulamo ndi cimene cingamugwetse.

Chipata, amene analengezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, ndi tauni ya ophunzira. Muli Chipata College of Education ya aphunzitsi, Chipata Trades Training Institute ya nchito zamanja, sukulu ya anamwino ya pa cipatala cacikulu ca Chipata Central ndiponso DMI-St. Eugene University. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndi kupatulako zina zolipirira maphunziro a nchito zamanja. Cotero ana a alimi ang'ono-ang'ono naonso anapeza mpata wobwera mu tauni kudzaphunzira. Si onse amene amapeza malo ogona pa koleji. Ena amacita lendi kacipinda ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, awiri kapena atatu pamodzi.

Mwana wotere akaweruka m'kalasi ayenera kusankha: kukoleza mbaula, kugula makala, saladi, tomato ndi anyezi kuti aphike yekha, kapena kupita kumene nsima yapsa kale. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa mu Kariba ndipo malaiti anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku, amene anadalira sitovu ya magetsi anasowa pogwira. Kalesitilanti kamene kali ndi sola kapena jenereta kanasanduka khichini, malo ochajira foni ndiponso malo owala okhalamo madzulo. Zakudya zake ndi zathu zomwe: nsima ya nyemba, kapenta, repu, cibwabwa cotendera, mazira, nkhuku, ndi machipisi kwa amene thumba lalola.

TV ndiyo nyambo

Mwini lesitilanti sagula TV cifukwa cokonda mpira cabe. Mwezi ndi mwezi amalipira DStv kapena GOtv kuti apeze macanelo a SuperSport, kuonjezera pa lendi, makala, petulo wa jenereta ndi laisensi ya ku khonsolo. Ndalama zonsezi ziyenera kubwerera kudzera m'mbale. N'cifukwa cake lamulo la malo ambiri ndi lakuti wokhala pa mpando agule kanthu, ngakhale botolo limodzi la cakumwa. Ophunzira naonso ali ndi nzeru zao: amasonkha atatu n'kugula mbale imodzi yaikulu, mipando itatu yapezeka. Kumalo ena oonetsa mpira wokha amalipiritsa pakhomo, ndipo ogulitsa vitumbuwa ndi micopo amadikira panja.

Mpira weniweniwo sutha msanga. Ligi yaikulu ya ku England ili ndi matimu 20 ndi masewera 380, kuyambira mu Ogasiti kufikira mu Meyi. Masewera a pa Ciweru masana amayamba 16:00 hrs nthawi yathu, koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala kufikira kumapeto kwa Malici amayamba 17:00 hrs cifukwa ku Britain amasintha mawochi. Imeneyi ndi nthawi yabwino, munthu amaonera, kudya n'kufika kunyumba kusanade kwambiri. Obvuta ndi masewera a Champions League a pa Ciwiri ndi pa Citatu, amene ambiri amayamba 21:00 kapena 22:00 hrs ndi kutha ca pakati pa usiku. M'mawa mwake mwana yemweyo afunika m'kalasi kapena ku wodi, ndipo mtsikana wobwerera ku kacipinda kake pa ola limenelo ayenda m'njira za mdima.

Tisadabwe kuti ana athu amathamangira kumeneko, pakuti ifenso tinakhalapo maso usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenoti mu Libreville, Stoppila Sunzu n'kumenya penoti yomaliza. Ana a masiku ano aona anzao a msinkhu wao pa TV yomweyo. Fashion Sakala, mwana wa kuno ku Chipata, anapita ku Rangers ya mu Glasgow mu 2021 ndipo caka comweco anamwetsa zigoli zitatu pa masewera amodzi ndi Motherwell. Patson Daka anamwetsa zinai ali ku Leicester City pokumana ndi Spartak Moscow mu Okutobala 2021. Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu-zitatu pa masewera awiri otsatizana a Olympics ku Japan mu 2021, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala katswiri wa akazi mu Africa muno. Mwana wocokera ku mudzi amene sadziwa munthu mu tauni amapeza anzake pa thebulo lotere, ndipo kudya ndi anthu kuposa kukhala wekha m'kacipinda.

Cimene cimadya ndalama

Bvuto lalikulu lili m'manja mwa woonera, ndilo foni. Kale wofuna njuga anali kupita kumalo ake ndipo anthu anali kumuona. Lero munthu amabecha ali cikhalire pa mpando, ndi ndalama zomwe zija zimene makolo atumiza pa foni, ndipo woyandikana naye aganiza kuti alemba uthenga. Ambiri amakonda tikiti ya masewera ambiri pamodzi cifukwa imalonjeza ndalama zoculuka pa kandalama kocepa, koma imafuna kuti masewera onse atuluke monga walembera.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti pa masewera alionse mwai wonena zoona ndi theka, monga kuponya khobidi m'mwamba. Kuti masewera 10 onse agwirizane ndi tikiti, mwai ndi umodzi pa 1,024. Komanso mpira uli ndi mathero atatu: kupambana, kugonja kapena kufanana mphamvu. Akasankha timu yamphamvu kuti mwai ukule, kampani imacepetsa malipiro ake, pakuti inawerengeratu kuti phindu litsale kwa iyo. Wopambana mmodzi amamveka komboni yonse, koma oluza amacoka mwakacetecete.

Mu 2025 bungwe la FRA linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Mwana amene abecha K20 cabe pa tsiku la mpira, akacita zimenezi masiku 17 wamaliza thumba lathunthu. Ndi mpira wa pa Ciweru ndi pa Sondo wokha, masiku 17 amakwana m'miyezi iwiri. Onaninso kuti ligi imayamba mu Ogasiti pamene mlimi ali ndi kangacepe ka zokolola, koma imapitirira mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe yatsika ndipo fataleza wa pamwamba afuna ndalama. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. K20 ya ndiwo ili m'manja, koma masauzande a pa tikiti ali m'mphepo.

Mnzake wa njuga ndi mowa. Malo ena masana ndi lesitilanti, usiku ndi bala. Lamulo la Liquor Licensing Act la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo tujilijili tunaletsedwa mu 2012. Ophunzira a pa koleji ambiri ndi akulu, koma pa masiku a masewera akulu ana a ku sekondale naonso amalowa m'cigulu, ndipo mwini malo amene ayang'ana ndalama yokha safunsa zaka.

Ndi msika wathunso

Alimi tisaiwale kuti mbale imene ili pa thebulo lija inacokera kwa ife. Tomato, anyezi, kabichi ndi repu ndi za m'madimba ozungulira Chipata, nyemba za ku Lundazi ndi mpunga wa ku Chama zili ndi mbiri, ndipo nkhuku ya kumudzi imagulidwa mtengo woposa ya buloila. Mai wophika m'lesitilanti amapita ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market m'mawa uliwonse, ndipo cimene afuna koposa ndi katundu wosadukiza pa mtengo wodziwika. Mlimi mmodzi sangakwanitse zimenezi caka conse, koma kopaletivu kapena gulu la amai a mu mphakati lingathe, pobzala mosinthana milungu kuti repu asapse onse tsiku limodzi.

Amene afuna msika umenewu adziwe makalenda awiri. Yoyamba ndi ya makoleji, cifukwa ophunzira akapita ku holide malonda a nsima amatsika ndipo wophika amacepetsa oda. Yaciwiri ndi ya mpira, cifukwa kumapeto kwa mlungu kumene kuli masewera akulu kumafunika nkhuku ndi mbatatisi zoculukirapo. Pangano lilembedwe m'buku, ndipo malipiro akhale a pa mlungu, pakuti nkhongole ya mwezi wathunthu imadanitsa anthu.

Tingacitenji

Kwa inu makolo, m'malo motumiza ndalama za temu yonse nthawi imodzi, tumizani pang'ono-pang'ono mlungu ndi mlungu. Cimene muli naco m'nkhokwe, monga unga, nyemba ndi nshawa, citumizeni monga ciliri, pakuti thumba la unga silingabechedwe pa foni. Mukabwera mu tauni kudzagulitsa mbeu, muuzeni mwana akutengereni kumene amadyera, mudye naye ndi kudziwana ndi wophika. Ngati malo akukondweretsani, mungathe kupangana ndi mwini wake kulipiriratu mbale za mwezi. Ndipo mwana akayamba kupempha ndalama za mapepala a m'kalasi Mande iliyonse, mufunseni modekha za foni yake musanakalipe, cifukwa wogwidwa ndi njuga amabisa kwambiri akaopa.

Kwa inu eni malesitilanti, ophunzira ndiwo makasitomala anu a caka conse, cotero asungeni. Madzi osamba m'manja ndi sopo zikhale pakhomo, pakuti sitinaiwale kolera imene inacedwetsa kutsegulira masukulu mpaka mu Febuluwale 2024. Makina a njuga asaime pafupi ndi mbale ya nsima, ndipo mwana wa yunifomu asagulitsidwe mowa.

Kwa ife a m'mipingo, mwana akamacoka ku mudzi timupatse kalata yopita nayo ku parishi ya mu tauni kuti akhale ndi akulu omudziwa dzina. Maparishi a mu tauni amene ali ndi holo angaganizire zoonetsa masewera a pa Ciweru masana, atafunsa kaye ku kampani za cilolezo coonetsera pagulu, gulu la acinyamata n'kumagulitsa tiyi, thobwa ndi vitumbuwa. Phindu lingathandize gulu, ndipo atsikana angaonere mpira pamalo opanda mowa.

Mpira wa pa TV sudzacoka, ndipo ana athu sadzaleka kumva njala madzulo. Cimene cili m'manja mwathu ndi kuonetsetsa kuti thumba la cimanga limene tinabvutikira lisanduke nsima m'mimba mwa mwana ndi satifiketi m'manja mwake. Temu ino, tiyeni tiyambe ndi funso limodzi lokha pa foni: mwanawe, udyera kuti?