Mtengo wa Kusankha Mbewu ya Nyemba

Chimanga chimalandira mungu wouluka ndi mphepo kuchokera ku ngayaye za mapesi ena, ngakhale a m'munda wa mnansi. Koma duwa la nyemba, monganso la mtedza, mpunga ndi tirigu, limadzibereketsa lokha ndi mungu wake womwe, kotero kuti njere yobadwayo ili ndi kholo limodzi, lomwe ndi atate ndi amayi pamodzi. Pachifukwa ichi, kusiyana kwa chibadwa kumene kunali m'kati mwa chomeracho kumachepa ndi theka pa mbadwo uliwonse, monga anawerengera Gregor Mendel m'chaka cha 1866. Ndipo ikapita mibadwo 7, chotsala sichikwana gawo limodzi mwa magawo 100. Apa mpamene mawu a akulu aja, akuti make mbuu mwana mbuu, amakwaniritsidwa ndithu.

Amene anaunika nkhaniyi mwakhama ndi Wilhelm Johannsen wa ku Denmark, yemwe analengeza zopeza zake m'chaka cha 1903. Iyeyu anatenga nyemba zosakanikirana, nazilekanitsa m'mabanja 19, banja lililonse lochokera ku kholo limodzi, nayesa kulemera kwa njere imodziimodzi pa sikelo. Posankha njere zazikulu m'mulu wosakanikirana uja, njere zokololedwazo zinakuladi, pakuti kutero kunali kusankha mabanja a njere zazikulu. Koma atabzala padera njere yolemera ndi yopepuka za m'banja limodzi, nabwereza chaka ndi chaka, ana a zonse ziwiri anabwerera ku muyeso womwewo wa banja lawo, chifukwa kusiyana kwa njerezo kunadza ndi nthaka, chinyontho ndi malo ake m'khoko, zimene sizipita kwa ana.

Taonani tsono chimene chimandidetsa nkhawa. Popeza chibadwa cha chomera chotere chimayenda chonse pamodzi, osasakanikirana ndi cha china, mlimi wokonda nyemba yaikulu yofiira akaisankha yokhayo, watenganso zofooka zake zonse zobisika, nataya mabanja ena amene mwina ndiwo akadapirira chiwawu kapena chilala. Walira mvula walira matope. Ndipo akatsala ndi banja limodzi, kusankha kwake kwafika pamapeto, kufikira njuchi itabweretsa mungu wachilendo, zomwe zimachitika mwa kamodzikamodzi, kapena akatswiri, onga a ku Chitedze ndi ku Bunda, atakwatitsa mitundu iwiri ndi manja awo.

Amayi a kwathu kuno amene amasunga m'lichero limodzi nanyati, zoyera, zakuda ndi zamawangamawanga, ena nawayesa osadziwa ulimi, ndiwo akusunga chuma chimene akatswiriwo amasankhamo. Mbewu yamakono ndi yabwino, ndipo bzalani ndithu. Koma inu alimi anzanga, patulani mizere ingapo ya nyemba zosakaniza zija chaka chilichonse, pakuti banja la nyemba likatha m'mudzi, palibe kusankha kumene kungalibweze.