Bokosi limodzi la zida zolembera Cinyanja pa makina osiyanasiyana

Mphunzitsi wa kalasi ya ziyankhulo ziwiri nthawi zambiri amadzikonzera yekha zowerenga: kankhani ka ana a kalasi yoyamba, mndandanda wa mawu, mafunso a mayeso. Wina amalemba pa kompyuta ya kusukulu ya Windows, wina pa laputopu yakale ya Linux, ambiri pa foni ya Android. Mapepalawo akafika m'manja mwa ana, liwu limodzi limaoneka m'njira ziwiri: pena cinthu, pena chinthu, pena nchito, pena ntchito. Wamkulu sazunguzika nazo. Koma mwana amene wangoyamba kulumikiza cilembo ndi kamvekedwe kake amaima, osadziwa colondola.

Kusiyanaku kuli ndi pocokera. Kalembedwe ka ziyankhulo za m'Mozambique kanakambidwa pa misonkhano ya 1988, 1999 ndi 2008, ndipo Cinyanja ca kuno cimalemba c pamene ku Malawi amalemba ch. Komabe aphunzitsi ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi ku Lago anazolowera mabuku ocokera ku Malawi, ndiye dzanja limatsata cimene diso linazolowera. Cinyanja cinalowa m'kalasi ku Tete kale, pa nchito yoyesera ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, koma kompyuta ikaona liwu la Cinyanja imangolicekenira mzere wofiira, pena n'kulisintha kukhala la Cipwitikizi. Zida zothandiza pa vutoli zilipo, n'zaulere, ndipo zimagwira pa makina osiyanasiyana. Cofunika n'kuzisonkhanitsa m'bokosi limodzi, n'kuliika pamalo pamene aliyense angalipeze.

Cida coyamba ndi zilembo zosindikizira. Bungwe la SIL linakonza zilembo zochedwa Andika poganizira ana oyamba kuwerenga. Mwa Andika, a ndi g zimaoneka ngati mmene timazilembera pa bolodi, ndipo l wamng'ono safanana ndi I wamkulu kapena nambala 1. Cilolezo cake cimalola kuzikopera ndi kuzigawa popanda kulipira.

Caciwiri ndi kiyibodi. Pulogalamu ya Keyman, ya bungwe lomwelo, imagwira pa Windows, macOS, Linux, Android ndi iPhone, ndipo kiyibodi imodzi ikakonzedwa imagwiritsidwa nchito pa onsewa. Izi zimathandiza pa cilembo ngati ŵ, cimene sicipezeka msanga pa kiyibodi ya Cipwitikizi, komanso pa kacizindikiro ka mu ng'ombe ndi m'nyumba. Makina ena amakalemba kowongoka, ena kopindika. Diso silisiyanitsa kwenikweni, koma kwa kompyuta ndi zizindikiro ziwiri, ndipo pofufuza liwu m'fayilo ikhoza kudumpha malo ena.

Cacitatu ndi cowunikira kalembedwe. LibreOffice ndi Firefox zimagwiritsa nchito Hunspell, imene inayamba kukonzedwera ciyankhulo ca ku Hungary. Ciyankhuloco cimamanga mawu polumikiza tizidutswa pa tsinde, ngati mmene Cinyanja cimacitira. Hunspell imafuna mafayilo awiri a mawu wamba. Ya .dic imasunga masinde, monga lemba. Ya .aff imasunga malamulo a aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo, kuti kucokera ku lemba kompyuta izindikire ndikulemba, tinalemba, adzalembera ndi zalembedwa. Motero palibe cifukwa colembera m'mndandanda mawu onse amene mneni mmodzi angabale.

Nanga bokosili likhale kuti? Kugawana pa fulashi kapena pa WhatsApp tonse tikukudziwa mathero ake: mafayilo atatu a dzina limodzi, osadziwika watsopano ndi uti, pena vayirasi n'kulowererapo. Akatswiri a mapulogalamu anakumana ndi vuto lomweli. M'caka ca 2005 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, analemba Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa fayilo: anasintha ndani, liti, mzere uti, ndipo cifukwa ninji. GitHub, imene inatsegulidwa mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018, ndi malo a pa intaneti osungirapo nkhokwe zoterezi. Keyman, makiyibodi ake, Hunspell ndi Andika zonse zili ndi nkhokwe zake pamenepo, zoonekera kwa aliyense.

Pa nkhokwe yotere pali njira zitatu zimene mphunzitsi ayenera kuzidziwa, ndipo mayina ake amalembedwa m'Cingerezi. Issue ndi kalata yodandaula kapena yofunsa, monga kunena kuti cowunikira cikukana liwu lakuti mphaka ngakhale lili lolondola. Pull request ndi pempho lakuti zimene mwakonza zilowe m'nkhokwe. Woyang'anira amaona mzere wakale ndi watsopano pambali pambali asanavomereze. Fork ndi kukopera nkhokwe yonse kuti muipititse njira yanu. Ngati mndandanda wa mawu unalembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, sitiyamba pacabe: timaukopera, cilolezo cake cikalola, n'kusintha ch kukhala c ndi tch kukhala ch, ndipo onse awiri amakhalapo popanda wina kufafaniza wa mnzake. Liwu likalowa molakwika, mbiri ija imalola kubwerera pamene panali dzulo.

Pa nchitoyi mphunzitsi safunika kudziwa kulemba mapulogalamu. Katswiri wa kompyuta amatha kukonza fayilo, koma sangadziwe ngati liwu limene ana a m'mbali mwa nyanja ku Metangula amanena lili lofanana ndi la ana a kumapiri a ku Ulónguè, kapena ngati onse awiri ayenera kulandiridwa. Wodziwa zimenezo ndi amene amamva anawo tsiku ndi tsiku. Ngakhale intaneti si copinga cacikulu. Mafayilo a mawu ndi aang'ono. Mmodzi akawakopera ali kuboma, angawagawire anzake pa msonkhano wa ZIP, ndipo zidazi zikaikidwa pa makina zimagwira popanda netiweki.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Coyamba ndi cilolezo. Fayilo yoikidwa poyera popanda cilolezo imakhalabe ya mwiniwake, ndipo ena alibe ufulu woisintha n'kuigawa. Bokosi lililonse likhale ndi cilolezo colembedwa momveka, monga MIT pa mapulogalamu kapena Creative Commons pa nkhani ndi zithunzi. Mabuku osindikizidwa ndi ena sitiwakopera m'nkhokwe popanda kupempha eni ake. Caciwiri ndi ana. Nkhokwe ya poyera imaonedwa ndi dziko lonse, ndipo cimene cafufutidwa lero cimatsalabe m'mbiri. Mayina a ana, zithunzi zawo ndi zotsatira za mayeso siziyenera kulowamo ngakhale kamodzi.

Poyambira pake m'posavuta. Mphunzitsi aliyense asunge tsamba limodzi m'kope lake, ndipo akakumana ndi liwu limene mabuku amalilemba mosiyanasiyana, alilembe pamodzi ndi ciganizo cimene analipezamo. Masamba amenewa akasonkhanitsidwa pa msonkhano wa ZIP n'kugwirizana kalembedwe kake potsata malamulo ovomerezeka, ndiwo adzakhale mizere yoyamba ya fayilo ya .dic.