Oyendera sukulu: maso a unduna m'kalasi la mwana wa ku komboni

Galimoto ya ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira sukulu za m'distirikiti, ikangoima pachipata, uthenga umafika kwa aphunzitsi okweramo asanatsike: "A Standards abwera!" Wina amathamangira fayilo yake, wina kaundula wa ana. Kale anthuwa tinkawatcha mainsipekita, koma lero Unduna wa Maphunziro umawatcha ma Education Standards Officer. Ena amagwirira ntchito ku ofesi ya DEBS, ena ku ofesi ya chigawo komwe aliyense amayang'anira maphunziro ake monga masamu, sayansi kapena zilankhulo, ndipo akuluakulu awo ali ku likulu la unduna muno mu Lusaka. Ndi anthu amene anagwirapo choko zaka zambiri asanakwezedwe.

Ntchito yawo imayambira mu ofesi ya ahedi. Amaona ndondomeko ya nthawi, masikimu a teremu, mapulani a phunziro ndi buku lolembamo zimene zaphunzitsidwa kale. Koma woyendera wodziwa ntchito sakhutira ndi mapepala. Amalowa m'kalasi, n'kukhala pa desiki ya kumbuyo mpaka belu lilire. Amatenga kope la mwana wokhala pakona n'kuona tsiku limene aphunzitsi analichonga komaliza. Amamvetsera ngati ana akufunsa mafunso kapena akungokopera za pabolodi. Akatero amakhala pansi ndi mphunzitsi uja, awiriwiri, kukambirana zimene zayenda bwino ndi zimene zatsalira, kenako n'kulemba lipoti. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchitoyi yakula masiku ano. Mu 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linachotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12, ndipo linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Ana a ku Ng'ombe, Kanyama, Chawama ndi George amene ankakhala pakhomo chifukwa chosowa ndalama anabwerera, makalasi n'kudzaza. Kenako kunabwera ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kuphunzitsidwa mu 2025. Sekondale tsopano ikuwerengedwa kuyambira Fomu 1, ndipo cholinga n'chakuti mwana atuluke ali ndi luso lochita chinthu, osati kuloweza pamtima pokha.

Ndondomeko zotere zimalembedwa ku Curriculum Development Centre ku Longacres, ndipo mayeso amakonzedwa ndi Examinations Council of Zambia. Koma amene angaone ngati zolembedwazo zafikadi kwa mtsikana wochokera ku Ng'ombe, amene amadutsa mipanda ya ku Roma ndi Kalundu wapansi m'mamawa, ndi woyendera sukulu. Tinaphunzirapo kale. Ndondomeko ya 2013 itabweretsa phunziro la kompyuta mu Giredi 8 ndi 9, sukulu zambiri zinalibe makompyuta okwanira, zina zinalibe ndi magetsi omwe. Ana ankaphunzira kompyuta yojambulidwa pabolodi. Zotere sizionekera mu ofesi. Zimaoneka kwa munthu amene wakhala pa desiki ya kumbuyo.

N'chifukwa chake woyendera amanyamula uthenga mbali ziwiri. Kwa mphunzitsi amabweretsa malangizo a kaphunzitsidwe katsopano. Kwa akuluakulu amabweza choonadi: kuti mabuku sanafike, labotale ilibe zipangizo, ana akukhala anayi pa desiki ya awiri. Akamabwera ngati wapolisi, aphunzitsi amangokonza mafayilo n'kubisa mavuto. Akamabwera ngati mkulu wawo pantchito, amamuuza zonse.

Vuto n'lakuti oyendera ndi ochepa, pomwe sukulu za boma, za komyuniti ndi za anthu zikuchulukirachulukira m'makomboni. Popanda galimoto ndi mafuta, woyendera amathera nthawi mu ofesi. Munda wobzalidwa bwino koma osapaliridwa subala. Boma liwonjezere oyendera, liwapatse zoyendera, ndipo limvere malipoti awo. Nanunso makolo a ku Ng'ombe, pamsonkhano wotsatira wa kusukulu funsani ahedi kuti a Standards anabwera liti komaliza, ndipo ananena chiyani.