Ndalama Ina Ili Pamadzi Pomwepa

Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kuli maboti a mimba ziwiri oyenda ndi matanga, otchedwa catamaran. Amanyamula kagulu kochepa ka alendo n'kuzungulira zilumba za Thumbi ndi Domwe. Alendowo amalipira kuti angoona mbuna zamitundumitundu m'miyala, komanso nkhwazi ikutsika kudzawakha nsomba imene woyendetsa boti waponya. Zilumbazi zili m'paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndiye kuponya ukonde m'mphepete mwake n'koletsedwa.

Ife a ku Machinga ndi Balaka tisati n'za eni izi. Mtsinje wa Shire umadutsa m'paki ya Liwonde, imene bungwe la African Parks likuyendetsa kuyambira mu 2015, ndipo maboti amatenga alendo kukaona mvuu, ng'ona ndi njovu.

Tonse tikudziwa mmene chambo chachepera ku Malombe. Nanga anyamata athuwa adya chiyani? Msodzi amaidziwa kale mphepo ya mwera, malo osaya ndi khalidwe la mvuu. Chotsala ndi kachingerezi pang'ono, majekete opulumutsira moyo ndi chiphaso choyendetsera boti. Aliyense wofuna ntchitoyi ayambe ndi chiphasocho, chifukwa wanyamula miyoyo ya anthu.