Dzina loti malaria lidanamizira mpweya

Mvula ikakhazikika, mzere pachipatala cha Mponela umatalika, ndipo m'mabuku ambiri a odwala mumalembedwa liwu limodzi lomweli: malaria. Koma ndi angati akudziwa kuti dzinali limaloza wolakwa wabodza?

Liwuli ndi la Chitaliyana, mala aria, kutanthauza mpweya woipa. Gwero lake ndi mawu a Chilatini, malus, choipa, ndi aer, mpweya. Anthu okhala pafupi ndi madambo a kufupi ndi mzinda wa Rome ankaona kuti amadwala kwambiri kuposa anzawo a kumtunda, ndiye ankati vuto ndi fungo lochokera m'zithaphwi. Malo adawalondola ndithu, koma udzudzu womwe unkaswana m'madzimo sadauganizire.

Zoona zidayamba kudziwika mu 1880 pomwe dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, adaona tizilombo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu 1897, Ronald Ross ali ku India adatipeza m'mimba mwa udzudzu. Koma dzina lidali litakhazikika kale, palibe adalisintha.

Dzina lomwe lidalondola ndi la kachilombo kamene kamavuta kwambiri kuno kwathu, falciparum. M'Chilatini falx ndi chikwakwa, parere ndi kubala. Pamsinkhu wina kachilomboka kamapindika ngati chikwakwa chomwetera udzu wofolera nyumba.

Tisawaseke Ataliyana. M'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi mukadali ena amene amati malungo amadza chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya misinde ndi mondokwa. Zonsezi zimangofika nyengo imodzi ndi udzudzu basi.

Liwu lathu loti malungo nalo lili ndi msampha wake, mwinanso woopsa kuposa wa Chitaliyana. Thupi likangotentha kapena kuphwanya, timati ndi malungo, pomwe mwina ndi chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Mwana amayamba wamwetsedwa mankhwala ogula pagolosale, n'kudzafika kuchipatala atafooka kale. Komatu masiku ano kuyeza kumangofuna kadontho kamodzi ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola.

Kuyezako n'kofunikanso poteteza mankhwala. Dziko lino lidasiya chloroquine mu 1993 atatha mphamvu, Fansidar nayenso adalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Mu 2019 Malawi adakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'ndondomeko ya boma, ndipo Ntchisi lidali limodzi mwa maboma 11 oyambirira.